Matumba Asanu a Nyaluhanga

Tsiku limene Tionge Msowoya anandiuza zimene amaphunzira, ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Anati ali pa digiri yachiwiri ku yunivesite ina ya ku Joni, ndipo amaphunzira kusankha zinthu ndi kuziyala pa chionetsero mwa njira yoti anthu akaziona, maganizo awo asinthe.

"Ndiye makolo anu anakutumizani kutali konseko kuti mukaphunzire kukhoma misomali pakhoma?" ndinamufunsa.

"Enya, Alangizi, misomali yomweyo," anavomera akuseka nane. "Koma nkhani yagona pakuti mukhoma pati."

Ine ndine Anesi Makwinja wa ku Thyolo. Boma linandiponya kuno ku Mwazisi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ngati mlangizi wa zaulimi. Chitumbuka ndimamva, koma ndikati ndiyankhule ana amafa ndi phwete. Ndine munthu wapakamwa, sindibisa, ndipo chimene chandikwana ndimanena pomwepo. Makiyi a nyumba yosungira mbewu ya kalabu ya alimi amakhala ndi ine, n'chifukwa chake Tionge anafikira pakhomo panga. Ankafuna nyumbayo kuti achitiremo chionetsero chomalizira maphunziro ake. Kwawo ndi ku Katowo, mwana wa aphunzitsi, woleredwa ndi mabuku ndi nyimbo za m'tchalitchi. Ndinamupatsa chipinda cha alendo poganiza kuti sabata ziwiri zikwana kuti fumbi la kuno limuthamangitse. Anakhala miyezi itatu.

Mutu wa chionetserocho unali anthu ndi njovu. Kuno tayandikana ndi nkhalango ya Vwaza, ndipo chimanga chikayamba kukhwima njovu zimadziwa ife alangizi tisanadziwe. Munda umene banja lalima miyezi inayi, izo zimaumaliza kusanache. Ine ndinkaganiza kuti mtsikanayo ajambula zithunzi za njovu n'kuzipachika, basi. Koma mwezi wonse woyamba sanabweretse kanthu. Ankangoyenda m'makomo, kukhala pamphasa, kuthandiza amayi kuswa mtedza ndi kumvetsera. Ndikamufunsa kuti lero wapeza chiyani, ankati wangomva chabe. Ine n'kumati, "Digiri ya miseche imeneyi."

Kenako zinthu zinayamba kubwera zokha. Mayi wina anabweretsa poto wophwanyika mbali yonse, amene ankamumenya poopseza njovu. Bambo wina anasenza nsungwi za nkhokwe yake yogumulidwa. Mlonda wina wa nkhalango, amene anthu ankamutsonya akadutsa, anabweretsa jekete lake la mvula long'ambika pamsana. Tionge sankalandira chinthu mwini wake asananene yekha mawu oti alembedwe pambali pake, ndipo akalemba ankamuwerengera kawiri kuti avomereze. Kuseka kwanga kunayamba kuchepa.

Amene anabwera pomalizira anali Anne, yemwe aliyense kuno amamutchula Nyaluhanga potengera mfunda wa kwawo. Anali wamasiye wa ana atatu. Mwamuna wake Hezron anaphedwa ndi njovu zaka ziwiri m'mbuyomo, m'munda wa bambo ake, a Overton Chavula. Nkhani imene inkayenda m'mudzi inali yakuti madzulo a tsikulo awiriwo anakangana, anthu anamva mawu okweza, ndipo mkaziyo anapirikitsa mwamuna wake m'nyumba mpaka anakagona pachilindo cholonderapo munda. Alamu ake aakazi anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Tsopano banja linali litapangana kukumana Loweruka lomaliza la Julayi, ndipo aliyense ankadziwa chimene chikagamulidwe: Nyaluhanga abwerere kwawo, ana atsale. Kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Chionetsero chathu chinali Lachisanu, msonkhanowo uli mawa lake.

Nyaluhanga anafika pakhomo panga masana, atasenza mtolo wokulunga m'chitenje. Munali matumba asanu a feteleza, ochapidwa mpaka zilembo kufufutika. Pa thumba lililonse anapetapo chithunzi ndi ulusi womasula ku majuzi akale a ana ake. Anawayala pansi motsatana, iye n'kugwada pambali.

Pa loyamba panali nkhalamba yotsamira ndodo, tochi ili m'manja. Pa lachiwiri, mwamuna akukankhira jombo pansi pa bedi, ndipo jombo imodzi inali ndi chigamba chofiira. Pa lachitatu, mkazi atagwira mwamunayo malaya pakhomo. Pa lachinayi panali chilindo, chimanga ndi njovu. Pa lachisanu panali mkazi yekha atagwada, ana atatu ali kumbuyo kwake. Nkhope ya mkaziyo inali ndi maso ndi mphuno, koma inalibe pakamwa.

"Atatavyala anakakamira kuti akalondera munda okha, chonsecho bondo lawo ndi lodwala chomene," anatero Nyaluhanga motsitsa mawu, kunena apongozi ake aamuna. "Bambo a ana anawaletsa, iwo anakana. Ndiye anawabisira jombo kuti asapite, n'kupita iwo m'malo mwawo. Mawu amene anthu anamva aja, ndinali ine ndikuwachonderera kuti asapite okha. Jombozo mpaka lero zili pansi pa bedi langa."

"Zaka ziwiri zonsezi!" ndinakuwa. "Bwanji osanena?"

"Ndinene kwa ndani, mama? Alamu sandimvera. Pakhomo pathu mkamwana sayankhula ndi atatavyala, amadzera mwa munthu. Ndipo ndikanatuma mawu otani? Kuti mwana wanu anafera m'malo mwanu?"

Mtima wanga unawira. Kwathu ku Thyolo mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo woti alande mayi ana ake sanabadwe. Ndinavala nsapato pomwepo kuti ndikawauze a Chavula m'maso muli gwa. Tionge anaima pakhomo.

"Alangizi, khalani pansi. Mukapita inuyo, mawa mudzi wonse uzinena kuti Nyaluhanga watuma mlendo kukatukwana apongozi ake. Nkhaniyi ndi yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Zinandiwawa kawiri: kuletsedwa ndi mwana, komanso kuletsedwa ndi mwambi wa m'chiyankhulo changa chomwe. Ndinavula nsapatozo ndikung'ung'udza.

Masiku otsatira ndinaona ntchito imene ndinkaiseka ija. Tionge sanathamangire kutenga matumbawo, ngakhale wakhungu akanaona kuti ndi amene akanakometsa chionetsero chonse. Anapita kwa Nyaluhanga katatu, masiku osiyana, kukamufunsa ngati akufunadi kuti anthu awaone. Anamuuza mosabisa zoipa zimene zingachitike: kuti alamu angapse mtima koposa, kuti nkhalambayo ingasweke mtima, kuti msonkhano wa Loweruka ungaipe kuposa kale. Ulendo wachitatu Nyaluhanga anati, "Ndikakhala chete ana apita. Pachikani." Za jombo Tionge sanapemphe n'komwe. Nditamuuza kuti jombozo ndiye umboni weniweni, anandiyankha kuti iye sakumanga bwalo la milandu.

Lachinayi m'mawa anamaliza kuyala zinthu, kenako anakwera matola kupita ku boma kukasindikiza timapepala ta mawu. Ine ndinatenga tsache ndi makiyi kuti ndikasese. Nditalowa ndinaima kaye. Nyumba yonunkha mankhwala a anankafumbwe ija inali itasanduka china. Poto uja anali pa chitsa pakati penipeni, kuwala kwa pawindo kukumugwera. Jekete la mlonda linali litayandikana ndi nsungwi za nkhokwe, moti sukanaona chimodzi osaona chinzake. Ndinavomereza mumtima kuti mwanayo ali ndi diso.

Koma nditafika ku khoma lakumapeto ndinakhumudwa. Matumba a Nyaluhanga anali atapachikidwa m'munsi, molekezera m'mawondo, ndipo kutsogolo kwake anayalako mphasa. Ndinati ndadziwa, mtsikana wa m'tchalitchiyu wachita mantha, akufuna kuwabisa kuti akuluakulu asakhumudwe. Ndinakabwereka hamala. Ndinazula misomali yonse n'kukhoma matumbawo m'mwamba, poyang'anana ndi nkhope ya munthu woimirira. Mphasa ndinazipinda, n'kuikapo mipando. Ndinakabwerekanso chimkuzamawu kusukulu, ndipo papepala la ndondomeko ndinawonjezera ndi dzanja langa kuti padzakhala mawu ochokera kwa Mayi Anne Chavula. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Tionge anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili m'nsidze, ndipo tinapita limodzi kuti akamate timapepalato. Ataona khomalo anaima. Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Wachita izi ndani?"

"Ine," ndinayankha monyada. "Choonadi sachibisa kumiyendo."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Iye anangotenga mphasa imodzi, n'kuiyala, n'kundipempha kuti tikhale pansi.

"Alangizi, a Chavula akalowa mawa n'kupeza mawu a mkamwana wawo ali m'mwamba, akuwayang'ana m'maso, chimkuzamawu chili apo, aona ngati Nyaluhanga waimirira pamaso pawo n'kuwaloza chala pagulu. Atembenuka asanaone ngakhale thumba lachiwiri, ndipo anthu onse adzati achita bwino. Koma akakhala m'munsi, ndiye kuti mkamwana wagwada monga amagwadira masiku onse, akuyankhula mwaulemu. Palibe amene angamunene."

"Ndiye kuti azingogwada mpaka imfa?"

"Yayi. Taonani ulusiwu kuchepa kwake. Munthu woimirira sangaone chigamba chija. Wofuna kuona ayenera kutsika, ndipo amene watsika sachoka msanga. Zaka khumi ndi ziwiri Nyaluhanga wakhala akuliona khomo la a Chavula ali pansi. Ndikufuna tsiku limodzi lokha anthu atsikire kumene iye ali."

Anandiuzanso kuti kusukulu kwawo anawaphunzitsa muyeso wopachikira zinthu, molingana ndi maso a munthu woimirira, ndipo mphunzitsi wake ataona zithunzi pafoni anamuchenjeza kuti oyesa mayeso angamuchotsere malikisi. Ndinamufunsa kuti anamuyankha chiyani. Anati anamuuza kuti malikisi abwerezedwa, koma Loweruka silibwerezedwa.

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinatenga hamala ija ndekha n'kuyamba kuzula misomali yanga umodzi umodzi. Tionge ankagwada pamphasa, kuyang'ana kutsogolo, n'kundilozera pokhoma. Chimkuzamawu ndinakabweza tsiku lomwelo, ndipo mzere wanga uja ndinaufufuta.

Lachisanu m'mawa, tisanatsekule, Nyaluhanga anafika ndi kathumba kakuda. Sanatifunse. Anapita molunjika ku khoma lake, n'kutulutsa jombo ziwiri zotuwa ndi fumbi, n'kuziimika pansi pa thumba lachisanu. Kenako anakagwada pakona pafupi ndi chitseko, pamene amayi anzake anadzakhala. Tionge anamufunsa ngati akufuna kuti pa jombozo palembedwe mawu, iye anapukusa mutu.

Anthu anabwera ambiri kuposa amene amabwera ndikaitanitsa msonkhano wa manyowa. Ankaseka poona poto wa mnzawo ali pa chitsa ngati wolemekezeka, koma akawerenga kapepala kuseka kunkatha. Ndinaona bambo wa nkhokwe uja ataima nthawi yaitali pa jekete la mlonda, akuwerenga za tsiku limene njovu inakoka mlondayo pamsana pamene ankaibweza ku minda ya anthu. Ku khoma lakumapeto amayi ankakhala pamphasa mosavuta, n'kuyang'anitsitsa thumba lililonse. Abambo ambiri ankangosuzumira ataimirira, manja ali kumbuyo, n'kudutsa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinazula misomali yanga pachabe.

A Overton Chavula anafika cha m'ma leveni. Anali aphunzitsi opuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wovala jekete ngakhale kutenthe. Sanali munthu wankhanza, ndinene chilungamo. Anali bambo amene mwana wake anafa, ndipo anakhulupirira zimene ana ake aakazi anamuuza. Awiri a iwo ankayenda pambuyo pawo. A Chavula anandipatsa moni m'Chichewa cha m'mabuku, n'kuyamba kuzungulira ndi ndodo yawo, akuwerenga kapepala kalikonse mpaka kumapeto monga mphunzitsi wochonga mayeso.

Atafika ku khoma lakumapeto anaima. Anawerama pang'ono, n'kukonza magalasi, koma sanaone bwino. Ine ndinali nditanyamula kale mpando kuti ndithamange nawo. Tionge anandigwira dzanja mwamphamvu osandiyang'ana.

"Izi wasoka ndani?" anafunsa a Chavula.

"Mkamwana wanu, adada," anayankha Tionge.

Mmodzi wa ana awo aakazi anati, "Tiyeni, adada, bondo lanu," koma iwo sanasunthe. Anali atayang'anitsitsa thumba loyamba lija, la nkhalamba ya ndodo ndi tochi. Anapereka chipewa kwa mwana wawoyo. Anatsamira ndodo ndi manja awiri, n'kupinda bondo labwino, kenako lodwala lija, nkhope itakwinyika ndi ululu. Palibe mwa ife amene anaonapo a Chavula atagwada kwina kulikonse kupatula popemphera.

Pa thumba lachiwiri anakhalitsa. Anatambasula chala n'kukhudza kaulusi kofiira ka pa jombo. Anakwawira ku lachitatu, kumene mkazi wagwira mwamuna malaya. Pa lachinayi sanachedwe. Atafika pa lachisanu maso awo anatsika pa nkhope yopanda pakamwa ija mpaka pansi, pamene panaima jombo. Ananyamula imodzi n'kuitembenuza. Chigamba chofiira chinali pomwepo, cha mphira wa chubu cha njinga.

"Chigamba ichi ndinamata ndekha," anatero, osauza munthu aliyense. "Tsiku lija ndinazifuna nyumba yonse. Ndinakalipira anthu kuti andibera."

Anaigwira jomboyo pachifuwa. Kenako anatembenuka ali chigwadire kuyang'ana kukona. Nyaluhanga anali atagwada, iwonso atagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba maso awo analingana.

"Nyaluhanga."

Mayi wina wachikulire amene anali pafupi anasendera kuti alandire mawuwo ndi kuwapereka monga mwa mwambo. A Chavula anakweza dzanja kumuletsa.

"Ndiyankheni nokha, mama. Hezron anapita m'malo mwanga?"

Nyaluhanga anatsekula pakamwa koma mawu sanatuluke. Anayesanso.

"Enya, adada."

"Ndipo mawu aja anthu anamva?"

"Ndinkawaletsa, adada. Anati inu simungathe kuthawa ndi bondo lanu."

Nkhalambayo inalira poyera, osabisa nkhope. Ine amene ndimadzitcha wolimba mtima ndinali nditanyowetsa kale ngodya ya chitenje. Ana awo aakazi anayang'ana pansi. Patapita kanthawi a Chavula anapukuta magalasi, n'kunena mokweza kuti aliyense amve.

"Mawa kulibe msonkhano. Ana a Hezron akhala ndi mayi wawo, ndipo mayi wawo akhala pakhomo pake."

Ndinamugunda Tionge ndi chigongono. "Jambulani! Si zimenezi akufuna kusukulu kwanu?" Foni inali m'thumba la siketi yake, ndinkaiona. Anapukusa mutu, maso ali odzaza misozi, n'kunong'ona kuti zimenezi sanapemphe chilolezo. Pamenepo ndinadziwa kuti mwana ameneyu ndimuchitira ulemu moyo wanga wonse.

A Chavula anayesa kudzuka, koma bondo linakana. Ndodo inaterereka pamphasa. Ana awo awiri aja anathamanga kuti awagwire m'khwapa, iwo anawakaniza. Anatambasula dzanja kulozera kukona kuja.

Amayi ena anagwira pakamwa, pakuti pakhomo pa a Chavula mkamwana sanakhudzepo apongozi ake chikwatiwire. Nyaluhanga anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kuyenda pakati pa anthu ali chilili, n'kuligwira ndi manja awiri. Anawadzutsa pang'onopang'ono mpaka anaima, jombo ikadali m'dzanja lawo linalo.

"Yewo, mwana wane," anathokoza a Chavula.

Tionge anabwerera ku Joni sabata yotsatira, ndipo malikisi amene anapeza sindinamufunse mpaka lero. Matumba anawabweza kwa mwini wake, monga anabwezera chinthu chilichonse. M'nyumba muja tabwezeramo mbewu. A kalabu atakonza zopaka khoma, ndinawauza kuti amate paliponse koma asiye mabowo a misomali yanga m'mwamba muja. Ndimafuna ndiziwaona ndikamatsekula m'mawa, ana a Nyaluhanga akudutsa panja kupita kusukulu.